Carlton Centre: chimphona cha ku Joni chomwe eni chuma adachithawa

Kwa zaka 46, kuyambira mu 1973 kufika mu 2019, mu Africa muno mudalibe nyumba ya maofesi kapena yogonamo anthu yoposa Carlton Centre kutalika. Nyumbayi ili m'mbali mwa msewu wa Commissioner pakati penipeni pa mzinda wa Johannesburg ku South Africa, ili ndi nsanjika 50 ndipo kuchokera pansi kufika pamwamba ndi mamita 223. Idadya ndalama zokwana R88 miliyoni pomanga, koma mu 1999 eni ake adaigulitsa pa R33 miliyoni yokha. Hotela yomwe ili pambali pake yakhala chitsekere kuyambira mu 1998, ndipo kampani ya boma ya Transnet, yomwe idagula malowa, idachotsamo likulu lake mu 2018.

Nkhani ya nyumbayi yayambanso kumveka kaamba ka mkangano womwe wakula ku South Africa pa za tsogolo la pakati pa mzinda wa Johannesburg. M'mwezi wa March 2025, mtsogoleri wa dzikolo Cyril Ramaphosa adadandaula poyera kuti mzindawu sukuoneka bwino pomwe unkayembekezera kulandira msonkhano wa maiko a G20 mu November chaka chomwecho, ndipo adakhazikitsa gulu lapadera loti lithandize khonsolo kukonza zinthu. Komatu kukwirira maenje ndi kuyatsa magetsi a m'misewu ndi ntchito yopepuka poyerekeza ndi funso lomwe Carlton Centre yaika pamaso pa akuluakulu a mzindawu: nyumba yaikulu chotere, yomwe idamangidwira makampani omwe adasamuka kalekale, aigwiritse ntchito ndani, nanga alipire ndani?

Funsoli silili kutali ndi Amalawi. Agogo athu adakumba nawo golide yemwe adalemeretsa kampani yomwe idamanga nyumbayi. Amalonda athu amapikula katundu m'misewu yozungulira malowa. Abale athu ena amagona m'nyumba zowonongeka zomwe munthu atha kufikako wapansi kuchokera pakhomo pa Carlton.

Idabadwa m'nyengo ya chuma ndi mantha

Mzinda wa Johannesburg udayamba mu 1886 golide atapezeka m'deralo, ndipo dzina loti Carlton lidadziwika kumeneko kalekale. Hotela yoyamba ya dzinali idatsegulidwa mu 1906 mumsewu wa Eloff, ndipo Mfumu George VI ya ku Britain idafikira komweko ndi banja lake mu 1947. Hotelayo idagwetsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960.

Ganizo lomanga Carlton yatsopano lidadza pa nthawi yomwe dziko la South Africa lidali litangodutsa m'chipwirikiti. Pa 21 March 1960 apolisi adapha anthu 69 ku Sharpeville omwe ankachita zionetsero zokana malamulo a ziphaso zoyendera. Eni ndalama akunja adachita mantha n'kuyamba kutulutsa chuma chawo. Boma latsankho lidayankha ndi dzanja lolemera. Lidaletsa zipani za ANC ndi PAC, lidakhwimitsa malamulo otulutsira ndalama kunja, ndipo mu 1964 Nelson Mandela ndi anzake adagamulidwa kukakhala kundende moyo wawo wonse.

Otsutsa atatsekedwa pakamwa, chuma cha dzikolo chidakula mofulumira m'zaka zonse za m'ma 1960. Makampani akuluakulu adapezeka ndi ndalama zankhaninkhani zomwe malamulo sankawalola kupita nazo kunja mwachisawawa, choncho zambiri adazithira mu simenti ndi zitsulo. M'nyengo yomweyi ndi momwe mudamangidwa Standard Bank Centre, nsanja ya matelefoni ya Hillbrow komanso nyumba yozungulira ya Ponte City, yomwe idatha mu 1975.

Carlton Centre idaposa zonsezi kukula. Ntchitoyi idayambitsidwa ndi kampani ya migodi ya Anglo American, yomwe inkatsogoleredwa ndi Harry Oppenheimer, mogwirizana ndi kampani yofulula mowa ya South African Breweries, ngakhale pambuyo pake Anglo American ndiyo idatsala mwini wamkulu. Mapulani adajambulidwa ndi kampani ya ku America ya Skidmore, Owings & Merrill, yomwenso idajambula Sears Tower ku Chicago, ndipo patapita zaka zambiri idajambula Burj Khalifa ku Dubai. Khonsolo idalola kuti zigawo za misewu ina zitsekedwe pofuna kuphatikiza malo angapo kukhala amodzi. Kukumba kudayamba mu January 1967 ndipo kudatenga pafupifupi zaka ziwiri, maziko ake akutsikira pansi mamita oposa 30. Hotela idatsegulidwa mu 1972, nsanja ya maofesi idatha mu 1973, ndipo mwambo wotsegulira malo onse udachitika mu 1974.

Mamangidwe ake ndi a mtundu womwe udatchuka pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse: mizere yowongoka, konkire yoonekera, mawindo ofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, popanda zokometsera. Koma chachikulu pa pulaniyi chidali ganizo loti malowa akhale ngati mzinda woima paokha. Pansi pa nthaka padali sitolo zambirimbiri, pambali padali hotela ya nsanjika 30, padalinso nyumba yoimikamo galimoto ndi bwalo lamasewero otsetsereka pa madzi oundana. Bwana ankatha kuimika galimoto, kukwera chikepe kupita ku ofesi, kudya nkhomaliro, kugula suti ndi kugoneka alendo ake osapondako mumsewu.

M'dziko la tsankho, pulani yotere idali ndi tanthauzo lake. Lamulo la Group Areas Act la mu 1950 lidaika pakati pa mzindawu m'manja mwa azungu. Anthu akuda ankabwera m'mawa pa sitima ndi mabasi kudzasesa, kudzalondera ndi kudzaphika, dzuwa likapendeka n'kubwerera ku Soweto ndi madera ena omwe adawapatulira. Nyumbayi idamangidwa poganiza kuti dongosolo limeneli likhala mpaka kalekale. Patangotha zaka ziwiri chiitsegulireni, pa 16 June 1976, ana asukulu a ku Soweto adaukira.

Thukuta la pansi pa nthaka

Chuma cha Anglo American chidachokera kwambiri m'migodi ya golide, ndipo phindu la migodiyo linkadalira malipiro ochepa a anthu akuda. Katswiri wa zachuma wa ku South Africa, Francis Wilson, adaonetsa m'buku lake la mu 1972 kuti mphamvu yogulira zinthu ya malipiro a anthu akuda a m'migodi ya golide sidakwere kuyambira mu 1911 kufika mu 1969, ndipo pofika chaka chimenecho mzungu wa mumgodi ankalandira pafupifupi kuchulukitsa ka 20 zomwe munthu wakuda ankalandira.

Ambiri mwa anthu akudawo adali ochokera kunja kwa South Africa, ndipo dziko la Malawi lidali m'gulu la maiko otumiza anthu ochuluka zedi. Mu 1973, chaka chomwe nsanja ya Carlton idatha, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya kumeneko kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela. Pa 4 April 1974, chaka chomwe akuluakulu adadula riboni ku Carlton, ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana ndipo Amalawi 74 omwe ankabwerera kumudzi adafa. Dr Hastings Kamuzu Banda adaimitsa ntchito yolemba Amalawi. Idadzayambiranso mu 1977 ndi anthu ochepa pansi pa bungwe lomwe kuno timalitcha Theba, kenako idathera mu 1988 pa mkangano wa zoyeza kachirombo ka HIV.

Ngongole ya nthawi imeneyo sidathe. Mu 2018 makampani 6 a migodi ya golide, kuphatikizapo Anglo American, adavomera kuika padera R5 biliyoni yolipira anthu omwe adadwala matenda a m'mapapo kaamba ka fumbi la mumgodi, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust lidakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazo. Amalawi omwe adagwira ntchito m'migodi yokhudzidwayo ali m'gulu la oyenera kulandira. Madandaulo a anthu omwe adapita ku Wenela ndi ku Theba, oti akhala akudikira ndalama zawo mpaka ukalamba, akhala akumveka m'dziko muno kwa zaka zambiri. Wowerenga mbiri ya Carlton Centre ayenera kuwerengera limodzi ndi anthu amenewa, poti kutalika kwa nyumbayi kudayenderana ndi kuzama kwa migodi.

Hotela yomwe idaona mbiri ikutembenuka

Mwa nyumba zonse za pamalowa, hotela ndiyo idasunga mbiri yaikulu. Idali ndi zipinda zoposa 600 ndipo poyamba inkayendetsedwa ndi kampani ya ku America ya Western International, yomwe idadzasintha dzina kukhala Westin. Idali m'gulu la mahotela ochepa omwe boma latsankho lidawalola kulandira alendo a mitundu yonse, n'chifukwa chake idasanduka malo okumanirana anthu omwe sakadatha kukhalira limodzi kwina.

Mu November 1979, nduna yaikulu P.W. Botha adaitanira akuluakulu a makampani ku Carlton pofuna kuti amuthandize pa ndondomeko yake yosintha zina ndi zina mu ulamuliro watsankho popanda kuuthetsa. Pa 14 September 1991, F.W. de Klerk, Nelson Mandela, Mangosuthu Buthelezi ndi atsogoleri ena adasainira m'hotela yomweyi pangano la mtendere lofuna kuthetsa ziwawa zandale zomwe zinkapha anthu ambirimbiri. Ndipo usiku wa pa 2 May 1994, De Klerk atavomereza kuti wagonja pa chisankho, Mandela adalankhula kwa otsatira chipani cha ANC m'chipinda chachikulu cha hotelayi, n'kuvina pamaso pa dziko lonse.

Patangotha zaka zinayi chichitikireni chisangalalo chimenecho, hotela idatsekedwa chifukwa alendo adaleka kubwera. Hotela ina yaikulu yapafupi, Johannesburg Sun, idatsekedwanso chaka chomwecho. Malo omwe ufulu wa South Africa udavinidwira akhala mumdima kwa zaka zoposa 25, nthawi yofanana ndi yomwe adakhala akugwira ntchito.

Chidathawitsa makampani n'chiyani?

Yankho lomwe ambiri amathamangira ndi loti pakati pa Johannesburg padaonongeka ulamuliro utasintha mu 1994, umbanda utakula. N'zoona kuti umbanda udafika poipa m'zaka za m'ma 1990 ndipo udathamangitsa ambiri omwe adali atatsalira. Koma kusamuka kwa makampani kudayamba kale, Mandela akadali kundende.

Mu 1973, chaka chomwe nsanja ya Carlton idatha, kumpoto kwa mzindawu kudatsegulidwa msika wamakono wa Sandton City. Tauni ya Sandton idali itangokhazikitsidwa mu 1969, idali ndi khonsolo yakeyake, malo ambiri otchipa ndi misonkho yotsikirapo. Misewu ikuluikulu ya M1 ndi M2, yomwe idamangidwa kuti ibweretse galimoto mumzinda, idakhalanso njira yachidule yotulukira. Khonsolo ya Johannesburg idaika malire pa chiwerengero cha malo oimikapo galimoto m'nyumba zatsopano za pakati pa mzinda pofuna kuchepetsa kuthithikana, pomwe ku Sandton bwana aliyense ankapeza poimika pakhomo pa ofesi. Mabwanawo ankakhalanso kumpoto komweko.

Chachiwiri chidali ndalama zija zosowa kopita. Makampani a inshulansi ndi a penshoni adapitiriza kumanga maofesi atsopano kumadera a kumpoto ngakhale pomwe ofuna maofesi sadali ochuluka chotero. Kuti nyumba zatsopanozo zidzaze, adayenera kukopa alendi a m'nyumba zakale za pakati pa mzinda, zina mwa izo zawo zomwe. Mwanjira imeneyi eni chuma adadzilanda okha makasitomala.

Chachitatu chidali kutha kwa malamulo atsankho. Ziphaso zoyendera zidathetsedwa mu 1986 ndipo Group Areas Act idafafanizidwa mu 1991. Anthu omwe kwa zaka zambiri adaletsedwa kukhala pafupi ndi ntchito zawo adakhamukira ku Hillbrow, Berea, Joubert Park ndi pakati pa mzinda. Kudali kufunika kwa nyumba zogonamo zotsika mtengo, koma zomwe zidalipo zambiri zidali maofesi. Mabanki adaleka kupereka ngongole zogulira kapena kukonzera nyumba m'derali, mitengo ya nyumba idagwa, ndipo eni ake ena adangozisiya osalipira madzi, magetsi ndi misonkho.

Chaka cha 1999 chidatsendera zonse. Anglo American ndi South African Breweries, makampani awiri omwe adayambitsa Carlton Centre, onse adasamutsira ku London malo awo aakulu ogulitsira masheya, ndipo chaka chomwecho Anglo American idagulitsa Carlton kwa Transnet. Mu 2000 msika wa masheya wa Johannesburg udachoka mumsewu wa Diagonal kupita ku Sandton. Kuti timvetse kukula kwa kugwa kwa mtengo, tikumbukire kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 randi imodzi inkaposa dola imodzi ya ku America, choncho R88 miliyoni idali yoposa madola 120 miliyoni. Mu 1999 dola imodzi inkasinthidwa ndi marandi pafupifupi 6, kutanthauza kuti Transnet idapereka madola osafika 6 miliyoni. Nyumba yomwe idalanda Carlton ulemu wa kutalika mu 2019, The Leonardo ya mamita 234, nayo ili ku Sandton.

Mwini watsopano, mavuto atsopano

Kubwera kwa Transnet kudapulumutsa nyumbayi pa nthawi yomwe ikadatha kusanduka bwinja. Antchito a kampaniyi adadzaza maofesi, sitolo za pansi zidapezanso makasitomala, ndipo alendo ankakwera ku nsanjika ya 50, yotchedwa Top of Africa, kukaona mzinda wonse ndi milu ya dothi la m'migodi. Boma la chigawo cha Gauteng nalo lidaika maofesi ake pakati pa mzinda, ndipo boma lalikulu lidakhazikitsa ndondomeko yochepetsera msonkho aliyense wokonza nyumba m'derali.

Komabe ntchito ya Transnet ndi njanji, madoko ndi mapaipi a mafuta. Mu 2007, pomwe inkatsogoleredwa ndi Maria Ramos, kampaniyi idalengeza kuti igulitsa Carlton Centre pamodzi ndi katundu wina yemwe sakhudzana ndi ntchito yake yeniyeni. Mavuto azachuma a dziko lonse a mu 2008 adasokoneza ganizolo. M'zaka zotsatira kampaniyi idalowa m'matope a katangale. Komiti yofufuza yotsogoleredwa ndi Jaji Raymond Zondo idapeza zachinyengo zazikulu pa kagulidwe ka mitu ya sitima 1,064, zomwe zidachitika likulu la Transnet lili m'nyumba yomweyi.

Lero Transnet ili ndi ngongole yoposa R100 biliyoni, ndipo mu December 2023 boma lidachita kuiikira chikole cha R47 biliyoni kuti ipitirize kubwereka. Njanji zake zaonongeka ndi akuba mawaya, ndipo kuchedwa kwa katundu padoko la Durban, lomwe amalonda a ku Malawi amadaliranso, kwakhala dandaulo la chigawo chonse cha kummwera kwa Africa. Kampani yomwe ikuvutika kukonza sitima ndi makina onyamulira katundu padoko singaike patsogolo zikepe ndi mapaipi a nyumba ya nsanjika 50. Nkhani yogulitsa malowa idadzukanso mu 2023, koma aliyense wofuna kugula amadziwa kuti mtengo wogulira ndi gawo lochepa chabe la ndalama zomwe adzawononge.

Mzinda udasintha anthu

Wongomva nkhani za kuthawa kwa makampani angaganize kuti pakati pa Johannesburg pali zii. Zoona zake n'zakuti masana pamadzaza anthu. Msika wa pansi pa Carlton, wokhala ndi sitolo zoposa 180, wakhala ukulandira ogula ochuluka, ndipo msewu wa Smal womwe umayambira pamenepo umakhala wothithikana. Amalonda ochokera ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi maiko ena amatsikira ku Park Station ndi malo ena okwerera mabasi, n'kumwazikana m'misewu kukapikula zovala, nsapato, mabulangete ndi zipangizo zamagetsi. Ndalama zomwe zimazungulira pamenepa ndi zambiri, kungoti eni ake safuna ofesi ya kapeti pa nsanjika ya 40. Amafuna kasitolo kakang'ono, posungira katundu, pogona potetezeka ndi chimbudzi chogwira ntchito.

Kusiyana kwa zomwe zidamangidwa ndi zomwe anthu akufuna ndi komwe kwabala nyumba zolandidwa, momwe magulu a zigawenga amatolera lendi kwa anthu osauka m'nyumba zopanda madzi, magetsi ovomerezeka kapena njira yothawira moto. Pa 31 August 2023 moto udabuka m'nyumba ya Usindiso mumsewu wa Albert ku Marshalltown, kufupi ndi Carlton Centre, ndipo anthu 76 adafa, ena mwa iwo Amalawi. Nyumbayo idali ya khonsolo, ndipo m'nthawi ya tsankho idali ofesi yoperekera ziphaso zoyendera kwa anthu akuda. Komiti yotsogoleredwa ndi Jaji Sisi Khampepe idapeza mu 2024 kuti khonsolo idalephera kutsata malamulo ake omwe a chitetezo ngakhale inkadziwa momwe zinthu zidalili m'nyumbamo.

Apa ndiye pali chodabwitsa cha Johannesburg wa lero: zipinda zoposa 600 za hotela zili chitsekere, pomwe chapafupi pomwepo mabanja akugona m'tizipinda togawa ndi makatoni ndi mapulanga.

Njira zomwe zatsala

Njira yoyamba ndi kukonza nsanjayi kuti ikhalenso maofesi apamwamba. Vuto ndi loti chiyambireni mliri wa Covid-19 maofesi opanda anthu achuluka ngakhale ku Sandton komwe. Nyumba yaitali chotere imadaliranso magetsi ndi madzi osadukiza. Magetsi akazima zikepe zimaima, mapampu okweza madzi amaima, ndipo palibe wantchito angakwere masitepe a nsanjika 40. M'dziko lomwe lavutika ndi kuzimazima kwa magetsi, komanso mumzinda momwe madzi amasowa kawirikawiri, mwini nyumba ayenera kukhala ndi majenereta ndi matanki akeake, zomwe zimakweza lendi.

Njira yachiwiri ndi kusandutsa malowa nyumba zogonamo. Makampani angapo achita zimenezi ndi maofesi akale mumzindawu ndipo zayenda, komanso Ponte City, yomwe idafika poipa m'zaka za m'ma 1990, idakonzedwa ndipo anthu akukhalamo. Hotela ya Carlton ndiyo yosavutirapo kusintha poti chipinda chilichonse chidamangidwa ndi bafa lake, ngakhale mapaipi ndi mawaya omwe akhala osagwira ntchito zaka zonsezi ayenera kuikidwa atsopano. Nsanja ya maofesi ndi yovutirapo. Mapaipi ake ali pakati pa nyumba, mbali yaikulu ya nsanjika iliyonse ili kutali ndi mawindo, ndipo ndalama zoyendetsera zikepe ndi zozimitsira moto n'zokwera. Lendi yomwe ingabweze ndalama zoterezi singakwanitsidwe ndi anthu ngati omwe ankagona ku Usindiso, pokhapokha boma litaikapo thandizo.

Njira yachitatu, kugwetsa, ndi yodula komanso yoopsa pakati pa mzinda wodzaza anthu, pamwamba pa msika womwe ukugwira ntchito. Nthawi nayo ikutha, poti lamulo la South Africa loteteza zinthu zakale la mu 1999 limaletsa kugwetsa kapena kusintha nyumba yoposa zaka 60 popanda chilolezo, ndipo Carlton ifika msinkhu umenewo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2030.

Njira yachinayi ndi yomwe yakhala ikutsatidwa pa hotela ija: kutseka, kuika alonda ndi kudikira. Imaoneka yotchipa chaka chilichonse, koma chaka chilichonse chomwe chadutsa chimakweza mtengo wodzakonzera. Ndipo alonda akadzachoka tsiku limodzi anthu n'kulowamo, kuwatulutsa sikudzakhala kophweka. Khoti lalikulu loona za malamulo a dzikolo lidagamula pa mlandu wa Blue Moonlight mu 2011 kuti khonsolo iyenera kupezera pogona pongoyembekezera anthu osauka omwe akuchotsedwa m'nyumba, ngakhale nyumbayo ikhale ya munthu wamba, ndipo khonsolo ya Johannesburg yakhala ikulephera kupeza malo okwanira otere.

Chaona mnzako chapita

Mbiri ya Carlton ili ndi mbali ina yomwe imafika kwathu kuno. Mzinda wa Lilongwe udakonzedwa m'nyengo yomweyo ndi maganizo ofanana. Pulani yake yoyamba ya mu 1968 idajambulidwa ndi akatswiri a ku South Africa, boma la dzikolo lidapereka ngongole yoyambira ntchito, ndipo likulu lidasamuka ku Zomba mu 1975. Pulaniyo idalekanitsa malo a maofesi, a malonda ndi ogona anthu, n'kudalira galimoto kuti iwalumikize. Zotsatira zake tikuziona: ku City Centre kumakhala bata ntchito ikaweruka, pomwe ku Old Town ndi kumene kuli moyo wa mzinda. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre komwe, mabungwe ndi makampani ambiri asandutsa nyumba zogonamo kukhala maofesi, kusiya nyumba zosanja za pakati pa mzinda, ndipo zifukwa zake n'zomwe zija za ku Sandton: poimika galimoto, lendi, ndi zikepe zosadalirika.

Mizinda yathu ndi yaing'ono ndipo nyumba zathu zosanja n'zazifupi poyerekeza ndi za ku Joni, choncho sitingafananitse zonse. Koma kayendedwe ka vutoli n'kamodzi. Khonsolo ikamaloleza maofesi paliponse, imakhala ikuchotsa alendi pakati pa mzinda ndi dzanja lake lomwe. Mwini nyumba akasowa alendi amaleka kukonza, akaleka kukonza otsalawo amachoka. Ndalama zambiri zomwe zimamanga nyumba zoterezi, kuno ngati ku South Africa, ndi za penshoni ndi inshulansi za anthu ogwira ntchito, choncho nyumba ikagwa mtengo woluza ndi wopuma pantchito.

Ku Johannesburg, chomwe chidzaonetse ngati malonjezo okonza mzinda ali ndi mano ndi zinthu zitatu zooneka ndi maso: ngati Transnet idzapeze wogula kapena wogwirizana naye yemwe ali ndi ndalama zokonzera, ngati khonsolo idzathe kupereka madzi, magetsi ndi chitetezo mosadukiza m'misewu yozungulira, komanso ngati pulani yatsopano idzawerengere anthu omwe akugwiritsa ntchito pakati pa mzindawu lero, kuphatikizapo mayi wa ku Mangochi kapena ku Mzimba yemwe watsika basi ndi chikwama chopikulira katundu. Omwe adamanga Carlton Centre adawerengetsa bwino kulemera kwa konkire ndi mphamvu ya mphepo, ndipo nyumbayi yaima nji kwa zaka zoposa 50. Chomwe adaphonya ndi funso la yemwe adzakhale mumzindawu malamulo atsankho akadzatha, ndipo funso lomwelo ndi lomwe likudikira aliyense wofuna kuyatsanso magetsi m'zipinda za hotela ija.